Maria wa mabala patsaya: mbiri ya nyumba ya amonke ya ku Jasna Góra

Mwina munachionapo chithunzi chimenechi pa kalendala ya ku parishi, pa kakhadi koika m'buku la mapemphero, kapena wina anakutumizirani pa WhatsApp mwezi wa korona. Amayi Maria ali ndi nkhope yakuda, yosamwetulira, anyamula Mwana kudzanja lamanzere, ndipo patsaya lawo lamanja pali mizere iwiri yaitali yotsikira kukhosi, yonga mphini zomwe agogo athu aakazi kuno kuchigwa cha Shire ankatema kumaso. Ena akachiona amayesa kuti anajambula ndi munthu wa kuno ku Africa pofuna kuti Maria afanane nafe. Sizili choncho. Chithunzichi kwawo n'ku Poland, mumzinda wa Częstochowa, pakaphiri kotchedwa Jasna Góra, pomwe pali nyumba ya amonke yomwe yakhalapo kuyambira 1382. Mizere ija ndi mabala a lupanga.

Ife a kuno tili nacho chifukwa chodziwira mbiri ya malo amenewa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe anabwera ku Malawi mu Meyi 1989, anayamba kupita kuphiri limeneli adakali mnyamata, ndipo atakhala Papa anabwererako kasanu n'kamodzi. Mawu otsogolera upapa wake, Totus Tuus, odzipereka kwathunthu kwa Maria, anawatenga m'zolemba za Louis de Montfort woyera. Ansembe a chipani cha Montfort ndi omwe anakwera Zambezi ndi Shire mu 1901 n'kukayamba mishoni ya Nzama, kenako anadzatsegula maparishi a kuno kwathu. Choncho korona yomwe amayi a Lejiyo amapemphera ku Ngabu kapena ku Muona ndi ya mbumba imodzi ndi mapemphero a paphiri lija. Posiyana n'pakuti kumeneko mapemphero anasakanikirana ndi nkhondo, ndale ndi kupulumuka kwa mtundu wonse wa anthu, mpaka sungathe kuzilekanitsa.

Tiyambe ndi amonkewo, poti kuno sitinawazolowere. Ansembe omwe timawadziwa ndi oyendayenda: lero ali pa parishi, mawa akwera njinga yamoto kukachita Misa kutsidya kwa dambo, pakapita zaka Ambuye Episkopi awasamutsa. Mmonke moyo wake ndi wina. Amakhala ndi anzake m'nyumba imodzi yotchingidwa, pansi pa lamulo limodzi ndi mkulu mmodzi, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kupemphera pa maola oikika. Moyo woterewu unayambira ku Africa konkuno, m'chipululu cha ku Egypt, m'zaka za m'ma 200 ndi 300. Wotchuka ndi Antonio woyera, koma mwambo wa Mpingo umati iye asanapite m'chipululumo munali kale Paulo wa ku Thebes, yemwe anathawa mazunzo a mfumu ya Aroma Decius n'kukakhala m'phanga zaka zambirimbiri, akuvala masamba a kanjedza ndi kudya theka la buledi lomwe khwangwala ankamubweretsera. Amonke a ku Jasna Góra amatchedwa ndi dzina la Paulo ameneyu, osati mtumwi Paulo wa makalata uja. Chipani chawo chinayambira ku Hungary cha m'ma 1250, pamene wansembe Eusebius wa ku Esztergom anasonkhanitsa anthu omwe ankakhala payekhapayekha m'nkhalango akupemphera. Amavala mikanjo yoyera, ndipo pachizindikiro chawo pali mtengo wa kanjedza, khwangwala wonyamula buledi, ndi mikango iwiri yomwe akuti inakumba manda a Paulo.

Anawaitanira ku Częstochowa ndi kalonga Władysław wa ku Opole. Mafumu a nthawi imeneyo ankamanga nyumba za amonke kuti pakhale owapempherera, komanso kuti dzina lawo likhazikike m'deralo. Kalongayu anawapatsa kaphiriko pamodzi ndi tchalitchi chaching'ono chomwe chinalipo kale, ndipo pasanapite nthawi yaitali anawapatsanso chithunzi chomwe anachitenga ku Bełz, dera lomwe lero lili ku Ukraine.

Za chiyambi cha chithunzicho pali nkhani ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Yomwe amakamba anthu a paulendo wachipembedzo imati anajambula ndi Luka woyera, mlembi wa Uthenga Wabwino, pathabwa la tebulo la m'nyumba ya Banja Loyera; kuti Helena woyera, mayi wa mfumu Constantine, anachipeza ku Yerusalemu; kuti chinakhala ku Constantinople zaka mazana ambiri; ndiponso kuti kalonga uja atachinyamula, akavalo atafika pa Częstochowa anakana kupitirira. Akatswiri opima matabwa ndi utoto amasiyana pa zaka zenizeni, koma onse amachiika zaka mazana ambiri pambuyo pa atumwi. Kajambulidwe kake n'ka Akhristu a kum'mawa, a Chigiriki, momwe Maria amaloza Mwana ndi dzanja lamanja kusonyeza kuti njira ndi iyeyu. Kutalika kwake ndi masentimita 122, m'lifupi 82, pamatabwa atatu olumikiza. Mpingo sukakamiza munthu kukhulupirira za Luka zija. Kuda kwa nkhopeyo nako sikovuta kukufotokoza: utoto ndi vanishi zimada zikakalamba, ndipo mwaye wa makandulo ndi nyale zomwe zayaka pamaso pake zaka mazanamazana unawonjezera.

Mabala aja ali ndi chaka chake. Nyengo ya Pasaka mu 1430 gulu la achifwamba linathyola nyumba ya amonkeyo. Kawirikawiri mlanduwu amaukankhira kwa otsatira a mlaliki Jan Hus a ku Bohemia (lero ndi ku Czech Republic), omwe ena mwa iwo ankadana ndi zithunzi m'matchalitchi, koma m'gululo munalinso anthu a mabanja olemekezeka a ku Poland komweko, ndipo chomwe chinawakoka ndi siliva ndi miyala yamtengo wapatali yomwe anthu ankapereka kwa Maria. Anakanganula zokongoletsazo, nkhope anaitema, thabwa linasweka patatu. Chithunzicho anachitengera ku Kraków, kwa mfumu Władysław Jagiełło, kuti akachikonze. Nkhani yakale imati amisiriwo ankati akapaka utoto, m'mawa n'kupeza wayenderera. Akatswiri ena amati chifukwa chake n'chakuti utoto woyambawo unali wosakaniza ndi phula, ndipo watsopano, wosakaniza ndi dzira, sukanagwira pamwamba pake. Kaya zinayenda bwanji, pomaliza ntchitoyo mabalawo sanawabise. Anawasiya kuti azioneka, ndipo cha m'ma 1434 chithunzi chinabwerera kuphiri chili ndi zipsera zake. Ine ndimaona kuti pa zonse zomwe zinachitika pamalowa, chiganizo cha amisiri amenewa ndicho chinabala zambiri. Akanasalaza tsayalo, chikanakhala chithunzi chokongola chimodzi mwa zikwizikwi za ku Ulaya. Anthu omwe dziko lawo linadzang'ambidwa katatu anapeza nkhope yoti akaiyang'ana adzizindikire.

Nyumba ya mapemphero inasanduka linga

Częstochowa inali pafupi ndi malire, kotero kuyambira 1620 mfumu Zygmunt III inayamba kuzungulitsa phirilo ndi makoma ankhondo okhala ndi malo oikapo mizinga m'ngodya zinayi. Mkulu wa amonke anakhalanso mkulu wa linga, ndipo amonkewo ankalipira asilikali. Kwa ife zimamveka zachilendo, koma makoma amenewa ndi omwe anabweretsa chaka chomwe mwana aliyense wa sukulu ku Poland amachidziwa.

Mu 1655 mfumu ya Sweden, Karl X Gustav, inalowa m'Poland ndi gulu lankhondo lamphamvu. M'miyezi yowerengeka Warsaw ndi Kraków zinagwa, akuluakulu ambiri ankhondo ndi eni minda anagonja n'kulumbira kuti adzamvera mfumu yachilendoyo, ndipo mfumu yawo Jan Kazimierz inathawira ku Silesia. Nyengo imeneyi eni ake amaitcha Chigumula. Pa 18 Novembala mkulu wankhondo wa a ku Sweden, Burchard Müller, anafika pa Jasna Góra ndi asilikali pafupifupi 3,000. M'kati mwa linga munali anthu ogwira zida osapitirira 300, kuwerenga asilikali olipidwa, amonke ndi eni minda ochepa omwe anathawiramo ndi mabanja awo. Mtsogoleri wawo anali mkulu wa amonke, Augustyn Kordecki.

Kordecki sanali munthu wongodalira zozizwitsa ayi. Adani asanafike anagula onga, anawonjezera asilikali, ndipo chithunzi chenichenicho anachitumiza mobisa ku Silesia n'kuika chofanizira paguwa. Choncho nthawi yonse yomwe mizinga inkalira, chithunzi chotchukacho panalibe. Analemberanso kalata a ku Sweden yovomera ulamuliro wa mfumu yawo, poyembekeza kuti asalowetse asilikali m'nyumba ya amonke. Atakana kutero, iye anatseka zipata. Masiku 40 otsatira anali a kuombera mizinga, kukambirana kongotayitsa nthawi, ndi kutuluka usiku kukaononga zida za adani. A ku Sweden anaitanitsa mizinga ikuluikulu ku Kraków, anabweretsa okumba migodi kuti aboole pansi pa khoma, koma thanthwe linawakanika ndipo chisanu chinakula. Usiku wa pa 26 kuchera pa 27 Disembala anapasula misasa n'kumapita.

Kunena mwankhondo, iyi inali nkhani yaing'ono. Linga linali laling'ono, ophedwa m'kati anali ochepa, ndipo kuukira a ku Sweden kunali kutayamba kale m'madera ena. Koma mbiri yakuti asilikali a mfumu ya mpingo wa Lutheran akuombera nyumba ya Maria inakwiyitsa anthu wamba kuposa kugwa kwa Warsaw, ndipo mbiri yakuti alephera inadzutsa omwe anali atataya mtima. Kordecki mwini analemba buku lofotokoza za masiku amenewo, lomwe anadzazamo zozizwitsa, ndipo mibadwo yotsatira inadziwa nkhaniyi kudzera m'maso mwake.

Mfumu Jan Kazimierz itabwerera, pa 1 Epulo 1656 inagwada m'tchalitchi chachikulu cha ku Lwów, mzinda womwe lero ndi Lviv ku Ukraine, n'kuchita malumbiro. Inalengeza kuti Maria ndiye Mfumukazi ya Poland. Inalonjezanso kuti nkhondo ikatha idzachotsa goli lomwe eni minda anasenzetsa alimi osauka, omwe ankalima minda ya mabwana mokakamizidwa popanda malipiro, zofanana ndi thangata. Kwathu timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma lonjezo ili silinadulitse kanthu. Gawo loyamba analisunga ndi zikondwerero. Lachiwiri analiiwala, ndipo alimi a m'dera la Częstochowa anadzapatsidwa minda yawoyawo mu 1864, patatha zaka zoposa 200, ndipo wowapatsa anali mfumu ya Russia. Aliyense wokamba za ulemerero wa malo amenewa azikambanso zimenezi, chifukwa alimi omwewo ndi omwe ankadzaza misewu yopita kuphiriko.

Tchalitchi chachikulu chomwe chilipo lero chinamangidwanso moto utaononga chakale mu 1690. Nsanja yake, yotalika mamita 106, inamangidwanso mu 1906 itapsa mu 1900, ndipo oyenda pansi amaiona adakali kutali. Koma anthu sapitira tchalitchi chachikulucho. Amapitira kachipinda kopemphereramo ka pambali pake, komwe chithunzi chili paguwa la mtengo wakuda wa phingo ndi siliva, lomwe linaperekedwa mu 1650. Usiku chithunzicho chimatsekedwa ndi chotchinga chasiliva, ndipo 6 koloko m'mawa amachitsegula pang'onopang'ono malipenga ndi ng'oma zikulira. Nthawi zambiri chimavekedwa chovala chosokedwa ndi miyala yonyezimira ndi mphete zomwe anthu anapereka, moti zooneka ndi nkhope ndi manja basi. Anthu amazungulira guwalo choyenda ndi maondo. M'makoma mwapachikidwa ndodo za olumala, makorona ndi timitima tasiliva ta anthu othokoza. Pa 8 Sepitembala 1717 chithunzichi chinavekedwa zisoti zaufumu zotumizidwa ndi Papa Clement XI. Ntchito yeniyeni ya amonke ili kuseri kwa zonsezi: Misa zotsatizana kuyambira m'bandakucha, kumvetsera anthu olapa tsiku lonse, ndi pemphero la 9 koloko usiku lomwe limaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema.

Ulendo wapansi wochokera ku Warsaw unayamba mu 1711, pothokoza kuti mliri unatha mumzindawo, ndipo ukuchitikabe. Amanyamuka pa 6 Ogasiti kuti akafike pa 14, tsiku loti mawa lake ndi chikondwerero cha Kutengedwa kwa Maria Kumwamba. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 250, kuposa kuchoka pa boma la Nsanje wapansi, kudutsa Bangula, Nchalo, kukwera mapiri a Chikwawa mpaka ku Blantyre. Magulu ena amachokera kunyanja ya Baltic, makilomita oposa 600. Amayenda m'magulu, gulu lililonse ndi wansembe wake, mtanda kutsogolo ndi zokuzira mawu, akuimba, akupemphera korona ndi kumva maphunziro. Amagona m'matenti, m'sukulu kapena m'nkhokwe za alimi, ndipo anthu a m'midzi ya m'njira amawatulutsira madzi ndi chakudya.

Pamene dziko kunalibe

Mu 1772, 1793 ndi 1795 mayiko atatu oyandikana nawo, Russia, Prussia ndi Austria, anagawana Poland mpaka inafafanizika pamapu. Inadzabwereranso mu 1918, patatha zaka 123. M'zaka zimenezi kunalibe mfumu, kunalibe nyumba ya malamulo yawoyawo yokhalitsa, ndipo m'madera ena chiyankhulo chawo chinachotsedwa m'sukulu. Komwe anthu a m'zigawo zitatuzo ankakumana, kuimba m'chiyankhulo chimodzi ndi kumva kuti ali ndi Mfumukazi imodzi, kunali kuphiri kuja. Olamulira a ku Russia, omwe Częstochowa inali m'manja mwawo, ankadziwa zimenezi. Mu 1813 mfumu Alexander I inalamula kuti makoma a linga agwetsedwe. Anthu ataukira mu 1863, boma linatseka nyumba zambiri za amonke a Paulo, linalanda minda yawo, ndipo ya ku Jasna Góra linaiika pansi pa maso a akuluakulu a boma, n'kuchepetsa chiwerengero cha olowa chipanicho.

Mwambo m'nyumbamo unalowa pansi. Mu 1909 akuba anaba zisoti zija ndi chovala cha ngale, ndipo Papa Pius X anatumiza zina zomwe anaveka chithunzicho mu 1910. Chaka chomwecho panachitika choopsa kuposa apo: mmonke Damazy Macoch anapha msuweni wake m'chipinda chake m'nyumba ya amonke momwemo, mtembo n'kuubisa m'sofa n'kukautaya m'madzi. Pamlandu wake mu 1912 zinaululika kuti ankaba ndalama za zopereka kwa nthawi yaitali. Nyuzipepala za ku Ulaya konse zinalemba, ndipo boma la Russia linakondwa kuona malowa akunyozeka. Anthu oyenda ulendo wachipembedzo anapwetekedwa mtima, koma sanasiye kupita. Chipanicho chinakonzedwanso dziko litapeza ufulu.

Gawo lomwe likutikhudza kwambiri ife ndi la pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene Poland inalamulidwa ndi chipani chimodzi cha chikomyunizimu. Mu Sepitembala 1953 boma linamanga mtsogoleri wa Mpingo, Kadinala Stefan Wyszyński. Ali m'ndende ya panyumba analemba malumbiro atsopano okumbukira zaka 300 za malumbiro a mfumu ija, n'kuwatumiza mobisa. Pa 26 Ogasiti 1956 anthu pafupifupi 1 miliyoni anasonkhana pansi pa makoma a Jasna Góra, Episkopi Michał Klepacz anawerenga malumbirowo, ndipo pampando wa Kadinala panali maluwa okha. Mu Okutobala chaka chomwecho anamumasula.

Wyszyński atatuluka anaganiza zotembenuza ulendo: m'malo moti anthu okha azipita kwa Maria, Maria apite kwa anthu. Anajambulitsa chofanizira cha chithunzi chija, Papa Pius XII anachidalitsa, ndipo kuyambira 1957 chinayamba kuyenda parishi ndi parishi, chikugona usiku umodzi pamalo alionse, pokonzekera chaka cha 1966 chokumbukira zaka 1,000 chibatizidwire mfumu yoyamba ya Poland. Paliponse pomwe chinkafika anthu ankakongoletsa misewu, kulapa ndi kuchezera usiku wonse. Boma linaona kuti anthu odzalandira thabwa lojambulidwa akuchuluka kuposa obwera kumisonkhano ya chipani. Papa Paulo VI anafuna kudzakhala nawo pa mwambo wa pa 3 Meyi 1966 ku Jasna Góra, boma linamukaniza kulowa m'dzikomo, ndipo pamwambowo panaikidwanso mpando wopanda munthu. Kenako pa 2 Sepitembala 1966 apolisi anaimitsa galimoto yonyamula chofaniziracho pa Będzin, ikupita ku Katowice, n'kuchibweza ku Jasna Góra. Anaika alonda pazipata oti azisecha magalimoto otuluka kuti chisatulukenso.

Maepiskopi sanaimitse ulendowo. Ndondomeko inapitirira monga inalembedwera, tsiku ndi tsiku, parishi ndi parishi, koma chomwe ankanyamula tsopano chinali felemu yopanda chithunzi, pamodzi ndi kandulo yoyaka ndi buku la Uthenga Wabwino. Anthu ankatuluka ndi maluwa kukalandira felemu yopanda kanthuyo, kuigwadira ndi kuiimbira. Zinatero zaka pafupifupi 6. Boma linagwira njakata, chifukwa linalibe lamulo loletsa kunyamula matabwa anayi okhomedwa pamodzi, ndipo aliyense woyang'ana pakati pa felemuyo ankakumbukira yemwe anachotsapo chithunzi. Mu Juni 1972 wansembe wa ku Radom, Józef Wójcik, mothandizidwa ndi masisiteri, anachitulutsa mozemba chofanizira chija, ndipo pa 18 Juni chinaonekeranso pagulu ku Radom. Boma linangoyang'ana.

Omwe analipo pa 8 Malichi 1992 angamve kukoma kwa nkhaniyi kuposa achinyamata. Tsiku limenelo kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi, ndipo mmodzi mwa osaina anali Ambuye Felix Mkhori, omwe pa nthawiyo anali Episkopi wa dayosizi ya Chikwawa. Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, koma inali itamveka kale m'makutu a anthu kuchokera ku Chitipa mpaka ku Marka. Kuti ulamuliro wa chipani chimodzi ugwe, ku Poland zinatenga zaka makumi angapo, kuno zinatenga miyezi, koma chomwe chinavuta maboma awiriwa n'chimodzi: Mpingo unali ndi njira yofikira mudzi uliwonse tsiku limodzi popanda kupempha chilolezo kwa chipani.

Yohane Paulo Wachiwiri anafika ku Jasna Góra monga Papa mu Juni 1979. Chaka chotsatira ogwira ntchito pamalo opangira sitima zapamadzi ku Gdańsk ananyanyala ntchito, ndipo mtsogoleri wawo Lech Wałęsa ankavala kabaji ka chithunzi chomwechi pajekete. Atalandira mphoto ya Nobel mu 1983, mendulo yake anakaipereka kuphiriko. Papa nayenso anasiya kumeneko lamba woyera yemwe anavala pa 13 Meyi 1981, tsiku lomwe anaomberedwa ku Rome. Ali ndi magazi ndi chiboo cha chipolopolo, ndipo amasungidwa pafupi ndi chithunzicho. Mu Ogasiti 1991 achinyamata a dziko lonse anasonkhana kumeneko, ndipo kwa nthawi yoyamba a m'mayiko omwe anali a chikomyunizimu anabwera mwaunyinji.

Pali Akatolika omwe sangakondwe ndikatchula Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, m'nkhani ya Amayi Maria, ndipo pa chikhulupiriro zinthu ziwirizi n'zosiyana ndithu. Koma pa momwe malo oyera amagwirira ntchito pakati pa anthu, ife a kuchigwa sitifunika kuphunzira kwa azungu. Kachisi wa Mbona ku Nsanje nayenso amasunga mbiri ya munthu wophedwa mwankhanza, ali ndi omusamalira okhala pomwepo, ndipo mafumu akhala akumufuna ndi kumuopa nthawi imodzi. Wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, yemwe anagwira ntchito kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1950 n'kufufuza za Mbona kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti madandaulo a anthu wamba pa mafumu ndi atsamunda ankatulukira kukachisiko, ndipo analembanso kuti ena ankamutcha Mbona kuti Yesu wakuda. Wolamulira akagwetsa malo otere amadziulula yekha, akawasiya amakhala ndi mawu ena m'dziko omwe si ake.

Vuto la Jasna Góra lero ndi losiyana ndi la nthawi ya Wyszyński. Palibe woletsa, ndipo anthu mamiliyoni angapo amafikako chaka chilichonse, koma andale amakonda kukaonekera kutsogolo pa zikondwerero zikuluzikulu, magulu ena okonda mtundu wawo mopyola muyeso amapitako ndi mbendera zawo, ndipo Akatolika ena a ku Poland komweko amadandaula kuti amonke salimba mtima kuwakaniza. Achinyamata opita kutchalitchi m'dzikomo akuchepa. Malo omwe anatchuka poteteza anthu kwa olamulira amavutika kudziwa poima pamene olamulirawo akubwera ndi makorona m'manja.

Kwa wa kuno yemwe sangakwanitse tikiti ya ndege ya ku Ulaya, pali malo ena apafupi okhala ndi dzina lomweli. Mu 1888 Franz Pfanner, mkulu wa amonke a chipani cha Trappist a ku Mariannhill pafupi ndi Durban, anatsegula mishoni kumtunda kwa mtsinje wa Umzimkulu ku KwaZulu-Natal n'kuitcha dzina la Częstochowa, lomwe linafupikitsidwa kukhala Centocow. Ili pafupi ndi tauni ya Creighton, ili ndi matchalitchi awiri a njerwa zofiira ndi chipatala, ndipo ndi komwe anabadwira katswiri wojambula Gerard Bhengu mu 1910. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akuyang'anira mishoniyi ndi amonke a Paulo ochokera ku Poland, ndipo mmodzi wa iwo, Stanisław Dziuba, anadzasankhidwa kukhala Episkopi wa dayosizi ya Umzimkulu.